Mkamwini ndi Nzika: Mbiri ya Ukwati ngati Njira Yolowera m'Dziko kwa Nyalugwe

Mawu oyamba

Ndime 37 ya malamulo aakulu a dziko la Zambia, monga momwe anakonzedwera m'chaka cha 2016, imapereka mwayi kwa munthu wakunja amene wakhala m'banja ndi nzika ya Zambia kwa zaka zosachepera zisanu kuti apemphe kulembedwa ngati nzika. M'Chingerezi ndimeyi ndi yaifupi, ndipo mneni wonena za ukwatiwo ndi mmodzi. Koma mphunzitsi wa Chinyanja akafuna kuimasulira amaima pa mneni yemweyo: kodi alembe kuti munthu amene anakwatira nzika, kapena munthu amene anakwatiwa ndi nzika? Chilankhulo chathu sichilola kuti funsoli tilizembe, pakuti mwamuna amakwatira ndipo mkazi amakwatiwa. Womasulira akasankha mneni mmodzi, wasankhanso munthu amene lamulolo likumutsegulira chitseko.

M'nkhani ino tifuna kulondola mbiri imene ili kuseri kwa aneni awiriwa, ndipo tiilondola pa malo amodzi, m'dziko la Mfumu Nyalugwe. Dzikoli lili m'boma la Nyimba, limene kale linali mbali ya boma la Petauke, m'chigawo cha Kum'mawa kwa Zambia. Kumadzulo kwake kuli mtsinje wa Luangwa. Msewu waukulu wochokera ku Lusaka ukangowoloka mlatho wa mtsinjewu umakwera mapiri a dera lomweli kudzera pa Kacholola, ndipo chakumwera, pa mtunda woti munthu angathe kuyenda wapansi, ndi m'boma la Zumbo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Anthu ambiri a kumeneko amalankhula Chinsenga, ndipo Chinsenga chimamvekanso kutsidya kwa malire. Mawu amene tiwasanthule ndi a Chinyanja, popeza ndicho chilankhulo cha sukulu ndi cha wailesi ya boma m'chigawochi, ndiponso ndicho chimene womasulira malamulo amapatsidwa kuti alembemo. Wofuna kudziwa kapangidwe ka Chinsenga chenicheni angayambire pa ntchito ya Lazarus Miti ya m'chaka cha 2001.

Mfundo yathu ndi yakuti mwambo wa deralo unali kulandira mlendo wamwamuna kudzera mwa mkazi wake, pamene malamulo a boma, kuyambira pa ufulu wa 1964, anali kulandira mlendo wamkazi yekha kudzera mwa mwamuna wake. Zitseko ziwirizi zinali kutsegukira mbali zosiyana, ndipo munthu amene anatsala pakati pa izo ndi mwamuna wochokera ku Mozambique amene anakwatira kuno.

Mlendo, mkamwini ndi nzika

Tiyambe ndi mawu, chifukwa iwo analipo malire asanalembedwe. Munthu wofika pamudzi koyamba ndi mlendo. Amalandiridwa, amapatsidwa madzi ndi pogona, koma aliyense amadziwa kuti mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mlendo wofuna kukhalitsa anali ndi njira zingapo, monga kupempha malo kwa mfumu kapena kutchula mfunda wake kuti apeze abale a mfunda womwewo, koma njira imene inali yotseguka kwa mnyamata aliyense wamphamvu zake inali kufunsira mbeta.

Ansenga, monga Achewa ndi Aambo oyandikana nawo, amalondola mtundu kuchikazi. Ana ndi a mbumba ya mayi wawo, ndipo wowayang'anira pa milandu, pa matenda ndi pa maukwati ndi mlongo wa mayiyo, amene anawo amamutcha malume kapena atsibweni. Pa ukwati wa mwambo umenewu mwamuna ndiye amasamuka. Amamanga nyumba pamudzi wa mkazi, amalima m'munda wa apongozi ake asanapatsidwe wakewake, ndipo munda umene adzapatsidwewo ndi wa mbumba ya mkaziyo. Ameneyu ndiye mkamwini.

Tikaonetsetsa, chikamwini chinali ndi pafupifupi zonse zimene ofesi yoona za olowa ndi otuluka m'dziko imafuna kwa mlendo. Panali omuimira, ndiwo ankhoswe, amene anali kudziwa kumene wachokera ndipo anali kuitanidwa iye akalakwa. Panali nyengo ya kuyesedwa, pamene apongozi anali kuona ngati munthuyo ndi wolimbika pa khasu ndi waulemu pakamwa. Ufulu wake unali ndi polekezera: anali kudya za m'munda, koma mundawo sakanatha kuusiyira mphwake, ndipo pa nkhani za mbumba anali kumvetsera ali chete. Panalinso kuchotsedwa, chifukwa ukwati ukatha anali kunyamula zake ndi kubwerera kwawo, ana n'kutsala. Mfunda wake anali kumufunsa, kuopa kuti angakwatire mlongo wake osadziwa. Koma kuchokera kutali sikunali mlandu, pakuti mkamwini aliyense, ngakhale wa mudzi wa patsidya pa dambo, anali kale munthu wobwera.

Mawu akuti mkamwini ambiri amawagawa pawiri, mka- ndi mwini, namva kuti munthuyu ndi wa eni ake, ndiye kuti eni ake ali kwina. Kaya kagawidwe kameneka n'kogwirizana ndi mbiri ya mawuwo kapena ndi kamvedwe ka olankhula chabe, kamasonyeza bwino mmene munthuyo amaonedwera. Mawu otsutsana nawo ndi awiri. Mbadwa achokera ku mneni kubadwa, ndipo safuna kufotokoza. Nzika ife timawalumikiza ndi mneni kuzika, monga timanenera kuti kuzika nsichi kapena kuzika chinangwa: nzika ndi munthu wozikika, amene mphepo singamusunthe. Pamene omasulira anafuna mawu a Chinyanja oimira munthu wovomerezeka ndi boma kuti ndi wa m'dziko muno, anatenga nzika, napanga unzika. Anasankha bwino, koma anawasenzetsa mawuwo katundu wachilendo, chifukwa pamudzi palibe amene anasanduka nzika pa tsiku lodziwika, atalumbira pamaso pa munthu wa boma. Mkamwini angakalambire pamudzi, angakhale ndi zidzukulu zodzaza bwalo, koma dzina lake silisintha. Amene amazikika ndi ana ake.

Tisaiwale kuti khomo lina linalipo. Mwamuna akakhala zaka, nabereka ana, nakondweretsa apongozi, anali kutha kupempha kuti atenge mkazi wake apite naye kwawo, ndipo mkaziyo anali kukhala mtengwa. Mafumu ndi eni mbumba, amene sakanatha kusiya midzi yawo, ndiwo anali kuchita chitengwa kawirikawiri. Audrey Richards analemba za kukokanakokana kumeneku m'chaka cha 1950, ndipo Max Marwick anakuona ndi maso pakati pa Achewa a chigawo chomwechi. Komabe mtengwa sanali kutaya mbumba yake. Ana ake anali a kwawo kwa iye, ngakhale abadwire ndi kukulira kwa atate awo.

Angoni ndi Achikunda

Alendo ena sanapemphe malo. M'mwezi wa November 1835 Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi chakufupi ndi Zumbo, tsiku limene kadamsana anadetsa dzuwa, nakhala zaka zingapo pakati pa Ansenga asanapitirire kumpoto. Pambuyo pake Mpezeni, mwana wa Zwangendaba, anabwerera ndi gulu lake ku dziko la Ansenga asanakakhazikike kufupi ndi kumene kuli Chipata lero. Angoni anali kulondola mtundu kuchimuna, anali kulowola ndi ng'ombe, ndipo akazi ambiri a Chinsenga anawatenga ndi nthungo. Apa ukwati unayenda mobwerera: mkazi ndiye analowetsedwa mu mtundu wa mwamuna, ndipo ana anakhala Angoni. Koma aphunzitsi a zilankhulo tikudziwa mmene nkhaniyi inathera. Anawo anatenga mfunda wa atate ndi lilime la amayi, kotero kuti Angoni a Mpezeni amalankhula mtundu wa Chinsenga, pamene Chingoni chakale chinatsalira m'nyimbo ndi m'mayamiko a pa Nc'wala. J. A. Barnes, amene anafufuza za maukwati awo m'zaka za m'ma 1940, anawapeza atasintha kale chilankhulo.

Achikunda, amene anayamba ngati asilikali aukapolo a m'minda ya Apwitikizi m'mbali mwa Zambezi, anakwera chigwa cha Luangwa m'zaka za m'ma 1800 kutsata njovu. Ena anabwera ndi mfuti zambiri pansi pa anthu onga Matakenya ndi Kanyemba, nagwira akapolo. Ena anabwera m'timagulu ta alenje, napempha chilolezo kwa mafumu, napereka mnyanga ndi nyama, nakwatira ana aakazi a eni dziko. Allen ndi Barbara Isaacman anafotokoza mbiri imeneyi m'buku lawo la 2004. Kwa ife chofunika n'chakuti chigwachi chinazolowera kale mwamuna wochokera ku Zambezi amene amafika ndi luso lake nasanduka mlamu.

Malire ndi chitupa

Pa 11 June 1891 Britain ndi Portugal anasainirana pangano logawana mbali ino ya Africa. Malire anatsata mtsinje wa Luangwa kuchokera pamene umathira mu Zambezi, ndipo chakufupi ndi pamene pali mlatho lero anausiya mtsinjewo nalowera kum'mawa kudutsa m'midzi ya anthu a chilankhulo chimodzi. Kuyambira pamenepo mnyamata wofunsira mbeta pamudzi wa kumpoto kwa mzerewo anali, m'maso mwa maboma awiri, munthu wosamuka dziko.

Ambiri anasamukadi, ndipo anali ndi zifukwa. Kutsidya kunali chibalo, kunali mbalamatodya, ndipo kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930 kunali kulima thonje mokakamizidwa. Kuno kunali msonkho ndi chitupa, koma zinali zopiririka poyerekeza. Boma la atsamunda silinali ndi chifukwa chachikulu chobwezera munthu wotere, chifukwa anali dzanja lina lolima ndiponso mutu wina wokhoma msonkho. Mfumu ya mudzi ikamulandira ngati mkamwini, dzina lake linali kulowa m'buku la msonkho pansi pa mudziwo. Mawu akuti chitupa nawonso ndi obwera: ambiri amawalondola ku mawu a Chindebele ndi Chizulu otanthauza chala chachikulu, chimene munthu anali kudinda pa pepalalo. Ukwati weniweniwo unalibe pepala. Lamulo la maukwati olembetsa ku boma silinali kukhudza anthu akuda a Northern Rhodesia kufikira m'chaka cha 1963, ndipo umboni wa ukwati wa pamudzi unali m'kamwa mwa ankhoswe.

M'nyengo yomweyo ku Britain kunali kukula ganizo lina, limene anthu a kwa Nyalugwe sanalimve koma linadzawapeza. Lamulo la unzika la Britain la 1914 linati mkazi amatsata mwamuna wake: wokwatiwa ndi munthu wa Britain akhala wa Britain, wokwatiwa ndi mlendo akhala mlendo. Lamulo la 1948 linafewetsa zimenezi, nkuti mkazi wachilendo azichita kupempha kuti alembedwe, koma mwamuna wachilendo silinamupatse kanthu. Tikalimasulira m'mawu a pamudzi, lamuloli limadziwa chitengwa chokha.

Malamulo a dziko lodzilamulira

Ganizo limeneli ndilo linalowa m'malamulo aakulu amene Zambia analandira pa 24 October 1964, monga linalowera m'malamulo a maiko ena ambiri amene anachoka m'manja mwa Britain. Mkazi wokwatiwa ndi nzika anapatsidwa ufulu wolembedwa ngati nzika. Mwana wobadwira kunja kwa dziko anali kutenga unzika kwa atate ake. Womasulira wa nthawi imeneyo analibe vuto limene tayamba nalo, pakuti mneni kukwatiwa anali wokwanira. Mwamuna wa ku Zumbo amene anali kulima munda wa apongozi ake kwa Nyalugwe, amene mwambo unamupatsa malo odziwika ndi dzina lodziwika, m'malamulowa sanali kuoneka ngati wapabanja konse. Anali mlendo ngati mlendo wina aliyense.

Chodabwitsa n'chakuti boma lomwelo, pofuna kudziwa anthu ake, linatsamira pa mudzi. Chitupa chatsopano, National Registration Card, chimene anthu amangochitcha reji, chimaperekedwa munthu akakwanitsa zaka 16, ndipo cha nzika n'chobiriwira. Pa chitupacho pali malo olembapo mudzi, mfumu ndi boma. M'chaka cha 1971 panabweranso lamulo lakuti mudzi uliwonse ukhale ndi buku la mayina a anthu ake. Mwana wa mkamwini wa ku Tete akafunsidwa mudzi ndi mfumu sachita kuganiza: amatchula kwa amayi ake, ndipo mfumu ya mudzi ingamuchitire umboni popanda bodza lililonse. Motero mwambo ndi boma zinagwirizana pa mwana, n'kusiyana pa atate ake. Malamulo aakulu a 1991 anatsimikiza zimenezi ponena kuti mwana ndi nzika ngati mmodzi mwa makolo ake, mayi kapena bambo, ali nzika.

Koma malamulo a 1991 omwewo ali ndi ndime imene imatisonyeza chitseko chikutsekedwa. Mkazi wokwatiwa ndi nzika analoledwa kupempha unzika pokhapokha ngati anali atakhala pa ukwatiwo zaka zoposa zitatu lisanafike tsiku la 24 July 1988. Okwatiwa pambuyo pake anatsala kunja. Pamene malamulowo anakonzedwanso mu 1996, ndimeyo inachotsedwa yonse, ndipo aliyense, wapabanja ndi wosakwatira yemwe, anayenera kukhala m'dziko zaka khumi zotsatizana asanapemphe. Mwamuna ndi mkazi analinganizidwa, koma analinganizidwa powamana onse awiri.

Zambia sanali yekha pa zimenezi. Zinali zaka zimene akazi a chigawo chino cha Africa anapita ku makhoti. Ku Lusaka, mu 1991, Edith Nawakwi anapambana mlandu wakuti mayi angathe kulembetsa ana ake m'pasipoti yake popanda chilolezo cha atate awo. Ku Botswana, mu 1992, Unity Dow anagonjetsa lamulo limene linali kumana unzika ana a mkazi wokwatiwa ndi mlendo. Ku Zimbabwe, mu 1994, khoti lalikulu linagamula pa mlandu wa Rattigan kuti mkazi amene ali nzika ali ndi ufulu wokhala m'dziko lake pamodzi ndi mwamuna wake wachilendo, ndipo boma linayankha mu 1996 posintha malamulo aakulu kuti ukwati usapatse mlendo aliyense ufulu wotero. Kwathu kuno zinalinso zaka zokayikirana za chiyambi cha munthu. William Banda ndi John Chinula anathamangitsidwira ku Malawi mu 1994, ndipo Kenneth Kaunda, amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, anatsekerezedwa pa chisankho cha 1996. Ngati munthu amene analamulira dziko zaka 27 anafunsidwa za kwawo kwa atate ake, mkamwini wa m'malire anali ndi chifukwa chokwanira chokhalira kutali ndi maofesi.

Othawa nkhondo

Chitsekochi chinatsekedwa pa nyengo imene ogogoda anali ambiri koposa. Nkhondo ziwiri za ku Mozambique zinatsanulira anthu m'dera la Petauke ndi Nyimba. Pa nkhondo yomenyera ufulu, pakati pa zaka za m'ma 1960, boma la Zambia ndi bungwe la UNHCR anakhazikitsa malo a othawa nkhondo ku Nyimba, ndipo nkhondoyo inakula m'chigawo cha Tete kuyambira 1968. Lamulo la Refugees (Control) Act la 1970 linapatsa boma mphamvu yolamula othawa nkhondo kukhala m'malo osankhidwa. Pa nkhondo yachiwiri, ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo, anthu anadzazanso midzi ya m'malire, ndipo zigawenga za Renamo zinayamba kuwoloka ndi kupha anthu m'midzi ya Zambia. Mu 1987 boma linayamba kusamutsira othawawo ku Ukwimi, kumpoto kwa boma la Petauke, kutali ndi malire, kumene chiwerengero chawo chinafika pafupifupi 25,000. Pangano la mtendere linasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, ndipo mu 1994 ambiri a ku Ukwimi anabwerera kwawo.

Ziwerengero zimenezi ndi za anthu amene analembedwa. Art Hansen, pofufuza za othawa nkhondo a ku Angola m'chigawo cha Kumpoto chakumadzulo, anasonyeza kuti anthu a m'malire ambiri amakonda kukhala m'midzi ya abale awo kusiyana ndi m'malo a boma, ngakhale kumeneko kuli chakudya chaulere. Kum'mawa chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Munthu wothawa ku Zumbo kapena ku Marávia sanali kufika pakati pa anthu achilendo. Anali kupeza a mfunda wake, anali kumva chilankhulo chake, ndipo mwambo unali ndi malo omuikapo. Mawu akuti wothawa nkhondo ndi mawu a pa wailesi ndi a m'kaundula. Pabwalo munthu yemweyo anali alamu, kapena atate a uje.

Tiyerekeze mwamuna amene anawoloka mu 1987, nakwatira kwa Nyalugwe, ndipo magalimoto obwezera anthu kwawo atabwera mu 1994 iye anatsala chifukwa ana ake ndi munda wake zinali kuno. Kwa mudzi palibe chinasintha. Kwa boma iye anali atasiya kukhala wothawa nkhondo, popeza nkhondo inatha, koma ukwati wake sunali kumupatsa kanthu. Mkazi wa ku Tete wokwatiwa kuno zake zinali zovuta mwa njira ina. Lamulo la unzika la Mozambique la 1975 linali kuchotsera unzika mkazi wokwatiwa ndi mlendo, ndipo n'chifukwa chake malamulo aakulu a dzikolo a 2004 ali ndi ndime yolola mkazi wotero kuupempha kuti ubwerere. Mkazi amene anakwatiwa m'zaka zimene lamulo la 1975 linali kugwira ntchito, ngati sanafike ku ofesi kudzalembetsa kuno, anali kutha kukhala wopanda dziko pa pepala, iye osadziwa n'komwe, ali kusinja chimanga pakhomo pa apongozi ake.

Pamene Zambia anakonza njira yokhazikitsira othawa nkhondo akale a ku Angola, ufulu wawo wa uthawi utatha mu 2012, okwatirana ndi nzika za Zambia anawerengedwa ngati gulu limodzi mwa oyenera chilolezo chokhala m'dziko. Izi zinachitikira ku Meheba ndi ku Mayukwayukwa. Nkhani ya a ku Mozambique inali itatsekedwa kale zaka zambiri m'mbuyomo.

Chitseko chitsegukanso

Lamulo la Immigration and Deportation Act la 2010 linabweretsa chilolezo chimene m'Chingerezi chimatchedwa spouse permit, choperekedwa kwa mlendo, mwamuna kapena mkazi, amene ali pa ukwati ndi nzika. Wokhala ndi chilolezochi zaka zisanu angathe kupempha chilolezo chokhazikika. Kenaka panabwera ndime ya 2016 imene tayamba nayo, pamodzi ndi ina yolola munthu kukhala nzika ya maiko awiri, ndipo pempho la unzika limapita ku bungwe la Citizenship Board of Zambia. Mozambique anali atafika kale pa zaka zisanu zomwezo m'malamulo ake a 2004, ndipo popeza Chipwitikizi chimasiyanitsa mlendo wamwamuna ndi wamkazi, olemba ake anatchula onse awiri poyera, chinthu chimene Chingerezi chimatha kuchibisa.

Ife tikuona kuti chilolezo cha 2010 ndi chikamwini cha boma. Maziko ake ndi ukwati, womuimira mlendo ndi mnzake wa m'banja, pali zaka za kuyesedwa, ndipo mwini chilolezo amakhala m'dziko koma savota. Mphunzitsi wofotokozera ophunzira a ku Nyimba kusiyana kwa chilolezo chokhala m'dziko ndi unzika sayenera kuvutika kufuna zitsanzo za kutali, pakuti kusiyana kwa mkamwini ndi mbadwa amakudziwa kuyambira ali ana. Kusiyana kumene kulipo n'kwa umboni. Mudzi umafunsa ankhoswe, pamene ofesi imafunsa pasipoti ya dziko limene munthu wachokera, setifiketi ya ukwati ndi ndalama. Ukwati wa mwambo ndi wovomerezeka m'malamulo a Zambia, ndipo makhoti aang'ono a m'madera amatha kuuchitira umboni pa pepala. Koma nkhalamba imene inawoloka malire usiku, mfuti zikulira kumbuyo, inalibe pasipoti tsiku limenelo, ndipo kuti iipeze iyenera kuyamba yatsimikizira boma la Mozambique kuti ndi yawo.

Tibwerere tsopano kwa womasulira. Chinyanja chilibe dzina limodzi loimira mwamuna kapena mkazi wa munthu mosasiyanitsa, ndipo tikukayika ngati kupeka dzina latsopano kungathandize womvera wa pamudzi. Mneni kukwatirana, wokhala ndi -an- wosonyeza kuchitirana, amathetsa theka la vutoli: munthu amene anakwatirana ndi nzika angakhale mwamuna kapena mkazi. Koma ndime ya 2016 ili ndi mawu ena awiri amene womasulira wofulumira angawadumphe. Imanena za munthu amene ali pa ukwati, kapena amene anali pa ukwati, ndi nzika kwa zaka zisanu. Ndiye kuti wamasiye ndi wolekana naye banja sanatsekeredwe kunja. Kamasuliridwe kamene ife timaphunzitsa n'kakuti munthu amene ali, kapena anakhalapo, pa ukwati ndi nzika, ndipo -po wa mu anakhalapo ndiye wanyamula mbali yonseyo ya lamulo.

Pamenepa lamulo la boma lapitirira mwambo. Pamudzi, mkazi akamwalira, maliro akatha, abale ake amasudzula mkamwini, ndiko kumumasula kuti apite kwawo akakwatirenso. Amene anakhala bwino ndi anthu amapemphedwa kuti atsale alere ana, koma kutsalako ndi chifundo cha eni mbumba, ndipo iye sangakuumirire. Pa pepala, mwamuna yemweyo ali ndi ufulu wopempha unzika wa Zambia chifukwa cha ukwati umene mudzi wauthetsa kale ndi mwambo wa kusudzula. Womasulira akagwiritsa ntchito mawu akuti ukwati utatha, womvera wa kwa Nyalugwe adzamva kuti munthuyo wasudzulidwa ndipo zake zatha, choncho ndimeyi imafuna chiganizo china chowonjezera chonena kuti imfa ya mkazi kapena kulekana sikufafaniza zaka zisanu zimene zinakwanira kale.